Cold air intake pa Fielder yanga: chifukwa chimene fyuluta sindinaitsitsire kuseri kwa bampala

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla Fielder ya 2010, ex-Japan ngati zambiri za m'misewu ya Lilongwe, yotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Injini yake ndi 1NZ-FE ya malita 1.5, yomweyo imene mumaipeza mu Axio, Probox, Sienta ndi RunX, ndipo magiya ake ndi apamanja. Ndinaimangirira cold air intake, paipi ndi fyuluta zokokera mpweya wozizira mu injini, ndekha pabwalo la nyumba ku Area 25, mlamu wanga akundigwirira tochi ndi masipanala, ndipo yaona dzinja ndi chilimwe osandivutitsa. Maseti amenewa achuluka masiku ano, anyamata akuwagula, koma kapepala ka malangizo kobwera m'katoni kanalembedwera misewu yopanda fumbi ngati lathuli, yopandanso zithaphwi zomeza theka la tayala.

Chinandiyambitsa si mpikisano ayi. Paipi ya labala yochokera ku bokosi la air cleaner kupita ku throttle body, khomo lolowera mpweya mu injini, inali itang'ambika m'mapindi mwake, ndipo zogwirira za chivundikiro cha bokosilo zinali zitathyoka galimoto isanafike n'komwe m'manja mwanga, moti chinkangomangidwa ndi waya. Fumbi linkalowera m'mbali osadutsa pa fyuluta. Zinthuzi zinkafunika kusinthidwa basi, ndiye ndinaona kuti mpata wapezeka wochita chimene ndakhala ndikuchilakalaka kuyambira kale, kumva injini ikukoka mpweya momasuka. Okonda magalimoto akukadziwa kamvekedwe kamene ndikunenaka.

Nzeru yake ndi yosavuta kumva. Injini ya petulo imadya mpweya wambiri kuposa mafuta: pa kilogalamu imodzi ya petulo pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya kuti moto uyake moyenera. Injini ya malita 1.5 ukaiponda mpaka 6,000 rpm imakoka mpweya woyandikira malita 4,500 pa mphindi imodzi. Mpweya ukazizira umathinana, ndiye mu lita imodzi mumakhala oxygen yochulukirapo. Kutentha kukatsika ndi madigiri 3, mpweya umalemererako ndi 1 peresenti. Kompyuta ya galimoto ikaona mpweya wochuluka imawonjezera mafuta, ndipo mpweya ukakhala wozizira siichedwetsa nthawi yothetheka mapulagi (timing) poopa knock, kuphulika kwa mafuta kosalongosoka m'silinda. Ndiye ukachotsa bokosi la pulasitiki pamodzi ndi zimatumba zake zoletsa phokoso, n'kuika paipi yosakhotakhota yokoka mpweya kutali ndi kutentha kwa injini, kaphindu kamakhalapo.

Koma tisanamizane, kaphinduko n'kakang'ono. 1NZ-FE imachoka ku fakitale ndi mphamvu ya mahatchi pafupifupi 110, ndipo amene anaipanga sanali ogona: bokosi lawo limakoka kale mpweya chakutsogolo, kutali ndi ekizozi. Zolembedwa pa makatoni zija, zoti mupeza mahatchi 15 kapena 20, pa injini yaing'ono yopanda turbo musaziyembekezere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse okwera. Tonse mumzinda muno tikuyendetsa magalimoto amene ataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zawo. Ndikatsika ndi M14 kupita ku Senga Bay, kumene nyanja ili pansi pa mamita 500, mphamvu imene galimoto imabweza m'mawa kusanatenthe imaposa imene ndinaipeza pa paipi yangayi. Wofuna liwiro lenileni asalifune pa paipi.

Kwa ogulitsa masipeya ndi a pa WhatsApp ndi Facebook mupeza mitundu iwiri. Woyamba ndi wa paipi yaifupi, short ram, umene fyuluta yake ya cone imakhala poyera pomwe panali bokosi. Kumanga kwake sikuvuta ndipo umalira bwino, koma umamwa mpweya umene wadutsa kale mu rediyeta. Mwezi wa Okutobala, uli pa mdipiti wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town, fani ikungozungulira, mpweya wa mu boneti umatentha kutalitali kuposa wakunja, ndipo pamenepo galimoto imafooka kuposa mmene inalili ndi bokosi lake. Wachiwiri ndiye cold air intake yeniyeni: paipi yaitali imene imatsika kudzera pa bowo la m'mbali n'kukasiya fyuluta kuseri kwa bampala, kutsogolo kwa tayala. Kumeneko mpweya ndi wozizira ndithu. Seti imene ndinagula inali ya mtundu umenewu.

Ndisanamasule bauti ndi imodzi yomwe, ndinapita nayo ku Biwi kwa makaniko wina wachikulire amene wakhala akundikonzera magalimoto kwa zaka zambiri. Anaitembenuza paipiyo m'manja, n'kufunsa kuti, "Fyulutayi mukufuna ikakhale pati, achimwene?" Nditawalozera kuseri kwa bampala sanayankhe. Analowa m'kashedi kawo n'kutuluka ndi conrod, chitsulo chija chimalumikiza pisitoni ku crankshaft, n'kundiika m'manja. Chinali chopindika pakatikati, cholemera, chakuda ndi oyilo wouma, chitsulo choti ngakhale ndi hamala simungachipinde mwachisawawa.

"Iyi inamwa madzi dzinja lathali," anatero. "Mwini wake anangodutsa pa chithaphwi pambuyo pa lole. Injini tinatsitsa yonse."

"Ndiye ndiisiye, madala?"

"Mangani. Koma fyuluta ikhale m'mwamba. Mpweya ndi umene muukweze, osati fyuluta kuitsitsa."

Nditafika kunyumba ndinawerengetsera ndekha. Silinda iliyonse ya injini imeneyi ndi ya 374 cc, ndipo compression yake, kapanikizidwe ka mpweya m'silinda, ndi 10.5 kwa 1. Pisitoni ikafika pamwamba penipeni, kampata kotsala ndi ka 39 cc kokha. Mpweya umapanikizika n'kukwanamo, madzi sapanikizika. Masupuni aakulu atatu a madzi atalowa mu silinda imodzi, pisitoni imagunda poti palibe kopita, ndipo chimene chimagonja ndi conrod, nthawi zina n'kuboola block. Zimachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo injini ikakhala pa rpm yokwera m'pamene imaonongeka kwambiri.

Tsono taganizirani mvula yathu. Kuyambira Novembala mpaka Epulo imatha kugwa ola limodzi lokha, ngalande zodzaza mchenga ndi majumbo n'kusefukira mumsewu. M'misewu yafumbi ya ku Area 25, Area 49, Mtandire, Chinsapo ndi Area 36, madzi ofiira amabisa dzenje moti sudziwa kuya kwake mpaka utalowamo. Ngakhale madziwo akhale osaya, minibasi yobwera kutsogolo imakankha funde limene limakwera mpaka pa bampala yako. Alipo ma bypass valve amene amatseguka fyuluta ikamira, iliponso nsalu yoveka fyuluta imene imakana madzi othovukira, koma nsaluyo sithandiza fyuluta ikamira yonse, ndipo ine sindinafune kuti moyo wa injini yanga udalire kavalavu ka siponji. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anafunsapo mtengo wa injini ya ex-Japan akudziwa kuti si chinthu choseweretsa.

Ndiye ndinatsata mawu a madala aja. Fyuluta ndinaisiya m'mwamba pomwe panali bokosi, ndinaitchingira ndi lata kuti isamve kutentha kwa injini, n'kukweza mpweya wozizira kuchokera kutsogolo ndi paipi ina yosalumikizidwa ku fyulutayo. Pa seti yonse ija ndinagwiritsapo chigongono chimodzi cha aluminiyamu, zolumikizira za silicone ndi makilampu. Zotsalazo zili m'katoni mpaka lero.

Fyuluta ya mu setiyo nayonso sindinaimange, ndipo apa ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa fumbi limapha injini mwakachetechete. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, aliyense wokhala kutali ndi tala akudziwa mmene dashibodi imafiirira tsiku limodzi lokha. M'fumbi limeneli muli timchenga ta silica tolimba kuposa chitsulo cha m'silinda. Tikalowa timasakanikirana ndi oyilo n'kumapala ma ring ndi makoma a silinda, mpaka galimoto iyambe kudya oyilo ndi kufuka utsi wabuluu, mwini wake n'kumadabwa kuti chalakwika n'chiyani pomwe sevisi amachititsa pa nthawi yake. Fyuluta ya pepala ya ku fakitale imagwira fumbi losalala bwino kwambiri. Ya cone yopanda dzina imene inabwera m'katoni mwanga, nditaiyang'anitsa ku dzuwa ndinaona timabowo towala paliponse. Inali ngati sefa ya ufa, yogwira misere ufa wosalala n'kumadutsa.

Mafyuluta abwino a cone alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a nsalu ya thonje yopakidwa oyilo wake wapadera, monga a K&N; ena ndi owuma, monga AEM Dryflow. Pa a thonjewo, chimene chimagwira fumbi ndi oyiloyo. Mukachapa osapakanso, fyuluta yatsala yotseguka. Mukapaka wambiri, timadontho tingathe kuulukira pa sensa yoyeza mpweya n'kuidetsa. Ine ndinasankha yowuma, yaikulu mmene malo akanalolera, chifukwa fyuluta ikakula fumbi limamwazikana pa malo ambiri ndipo sitsekeka msanga. Anandibweretsera mnzanga wochokera ku Johannesburg. Chenjerani ndi zachinyengo zovala makatoni a mayina otchuka: yang'anani pamene nsalu yalowa mu labala, ngati pali mpata kapena guluu wongopakidwa mwachisawawa, isiyeni.

Chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi sensa. Pakhosi pa chivundikiro cha bokosi la air cleaner pali kasensa kakuda ka mawaya asanu, komangidwa ndi masikuluwu awiri. Ndiyo MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini. Mkati mwake muli kawaya kopyapyala kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweya poona magetsi amene akufunika kuti kawayako kakhalebe kotentha. Momwemo mulinso kena koyeza kutentha kwa mpweya. Sensa imeneyi siyeza mpweya wonse. Imangoyeza kachigawo kodutsa pa iyo, kompyuta n'kuchulukitsa potengera kukula kwa khosi la ku fakitale. Mukaisamutsira mu paipi yotakata, mpweya womwewo umayenda mwapang'onopang'ono, sensa imanena kuti ndi wochepa, kompyuta n'kupereka mafuta operewera. Paipi ya mamilimita 76 ndi ya 63 zimaoneka ngati zasiyana pang'ono pozionera m'maso, koma mpata wa yaikuluyo umaposa wa inzake ndi 45 peresenti. Zotsatira zake galimoto imatsamwa ponyamuka, check engine imayaka, ndipo pa makina oyezera pamatuluka P0171, nambala yosonyeza kuti mafuta akuperewera. Anthu amayamba kusintha mapulagi ndi fuel pump pomwe vuto lili pa paipi.

Njira yake ndi yosunga khosi la ku fakitale. Langa linali labwinobwino ngakhale chivundikiro chinali chothyoka, ndiye ndinalidula n'kulisandutsa nyumba ya sensa pakati pa fyuluta ndi paipi yatsopano. Ngati bokosi lanu ndi lamoyo musalidule. Pitani kwa ogulitsa masipeya akale mukagule chivundikiro chosweka cha galimoto ya mtundu wanu, chanucho musunge, tsiku lina mudzafuna kubwezera kapena kugulitsa galimoto.

Musanayambe ntchito pezani ka ELM327 ka Bluetooth, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto, kolowetsa pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero, ndi app ngati Torque kapena Car Scanner pa foni. Magalimoto ena akale a ex-Japan sayankha mpaka mutasintha protocol mu app, ndiye musafulumire kunena kuti kachipangizoko n'kakufa. Muyang'ane zinthu ziwiri, kutentha kwa mpweya wolowa ndi long term fuel trim, imene imasonyeza kuchuluka kwa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa. Ikakhala mkati mwa 5 peresenti ndiye zili bwino, ikamapitirira 10 pali chofunika kufufuza. Lembani manambalawo galimoto ili ndi bokosi lake, itaima ndi ikuyenda. Kumeneku n'kofunika kwambiri kwathu kuno chifukwa petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Ethco ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa, ndipo ethanol amafuna mpweya wochepa, pafupifupi makilogalamu 9 pa kilogalamu imodzi, moti trim ingakhale kale chakumtunda pang'ono paipi musanaikhudze. Ine ndinayamba ndakulunga tepi pong'ambika paja kuti manambala anga akhale oona.

Ntchito yeniyeni ndinaiyamba m'mawa injini ili yozizira. Zida zake n'zochepa: sipanala ndi soketi ya 10, sikuludiraiva ya nyenyezi ndi yafulati, pulayazi, sowo yodulira zitsulo, fayilo, dirilo, jeke ndi ma stand. Jambulani ndi foni paliponse musanamasule. Batire muyambe kuchotsa waya wa negative, ndipo pobwezera ukhale womalizira. Koma musanachotse, fufuzani za wailesi yanu. Mawailesi ambiri a ex-Japan okhala ndi mapu, batire likachotsedwa amadzuka akufunsa SD card kapena nambala yachinsinsi m'Chijapani, ndipo ngati mulibe ndiye kuti wailesi yatseka pakamwa. Yanga ndinaisintha kalekale, ndiye panalibe nkhawa.

Sensa ndi imene inayamba kutuluka. Dinani kaloko ka pulagi, musakoke mawaya. Masikuluwu ake ndi ofewa mutu, ndiye sikuludiraiva ikhale yokwana bwino ndipo muikanikize mwamphamvu musanapotoze. Ikatuluka onani kuti ka O-ring kake katuluka nayo, muiike m'kajumbo koyera patali ndi ana. Kawaya ka mkati musakakhudze ndi chala, ndi nsalu, ngakhale ndi thonje. Ngati kada, pali sipuleyi yake yolembedwa MAF cleaner. Ya carburettor imaononga pulasitiki. Kenako kilampu ya pa throttle body, kapaipi ka breather, chivundikiro, fyuluta yakale, ndi mabauti a pansi pa bokosi. Pakamwa pa throttle body ndinatsekapo ndi nsalu yoyera, n'kusiya mchira wake ukulendewera panja kuti isaiwalike. Throttle ya galimoto imeneyi ndi yamagetsi, ndiye kachitseko kake musakakankhe ndi chala.

Khosi lija ndinalidula sensa ili kunja, n'kusiya mbali yowongoka yaitali mmene ndikanathera, chifukwa MAF imafuna mpweya woyenda mwabata, osati wongotuluka kumene pa kona. Ndinapala m'mphepete ndi fayilo ndi sandpaper, kulitsuka ndi sopo, n'kuliyanika mpaka litaumiratu. Pomanga, liyang'ane kumene linkayang'ana ku fakitale, ndipo sensa ikhale mbali yomwe inali. Makilampu a pa pulasitiki musawamange ngati a pa chitsulo. Khosi likaphwatalala manambala asokonekera.

Kapaipi ka breather, kochokera pa chivundikiro cha injini, ambiri amakanyozera. Ena amakasiya pululu, ena amakaveka kafyuluta kakang'ono kokongola. Pa injini ya MAF kayenera kubwerera mu paipi, pakati pa sensa ndi throttle body, monga kanalili. Kupanda kutero injini imakoka mpweya wosawerengedwa kudzera mu PCV, kavalavu kobwezera mpweya wa kumene kuli oyilo kuti ukapse mu injini, ndipo kakakhala pululu fumbi limalowa molunjika kumene kuli oyilo. Chigongono changa chinali ndi kamlomo kake kale. Ngati chanu chilibe, owotcherera aluminiyamu akhoza kukuikirani.

Injini imagwedezeka pa ma mounting ake pomwe bodi yangokhala, ndiye paipi ikamangidwa gwa mbali zonse ziwiri chinachake chidzathyoka. Mbali ya fyuluta ndinaigwiriza ndi kachitsulo kokhota pa bowo la bauti ya bokosi lakale, n'kuikapo labala pakati, ndipo pakati pa paipi ndinaika cholumikizira cha silicone chokhala ndi linunda, chimene chimalola kusuntha. Pambuyo pake, zonse zitamangidwa, mlamu anakoka handibuleki, kulowetsa giya wani n'kumasula kilatchi pang'ono, ine nditaima pambali, osati kutsogolo, kuona mmene injini ikupendekera ndi ngati paipi ikugunda penapake.

Chotchinga kutentha ndi chimene chinanditengera nthawi, ndipo ndi chimene ndimanyadira. Ndinadula katoni, kuyesa, kuchepetsa, kuyesanso, mpaka inatseka mbali ya injini ndi ya kumbuyo, n'kusiya mbali ya hedilaiti ndi ya madigadi. Katoniyo ndinapita nayo kwa m'misiri wosula ndowa ndi mbaula pa Nsungwi. Anaiyala pa lata, kulemba ndi msomali, kudula, n'kupinda m'mphepete monse kuti musacheke mawaya kapena zala. Bowo lodutsa khosi anaboola lokulirapo, ine n'kuliveka paipi ya labala yong'amba pakati. M'mphepete mwa pamwamba ndinavekamo labala wakale wa chitseko cha galimoto. Kuti ndidziwe ngati akukhudza boneti, ndinamupaka choko n'kutseka boneti pang'onopang'ono. Nditatsegula, mzere woyera unaoneka kunsi kwa boneti kupatula pa kona imodzi, ndipo pamenepo ndinakweza labalayo mpaka mzere unalumikizana. Chinthu chimodzi choopsa pamalo amenewa: batire lili pafupi. Lata kapena paipi ya aluminiyamu ikakhudza terminal ya positive, ndi moto. Siyani mpata wokwanira, chivundikiro chofiira chija chikhalepo, ndipo batire likhale lomangidwa ndi chitsulo chake, osati longokhazikidwa.

Kukweza mpweya kunafuna kuchotsa tayala la kumanzere ndi pulasitiki ya mkati mwa madigadi. Galimoto ikhale pa stand, ndipo ngati pabwalo panu ndi padothi ngati panga, pansi pa stand ndi pa jeke muike thabwa lochindikala. Musalowetse mutu pansi pa galimoto yodalira jeke yekha. Timapini ta pulasitiki tambiri timathyoka pochotsa, gulirenitu tina. Ndinachotsa chithumba choletsa phokoso chimene chimakhala mmenemo, n'kudutsitsa paipi yofewa yopindika kuchokera pa malo a fog light, amene pa yanga ndi ongotsekedwa ndi pulasitiki, kukwera mpaka pansi pa chipinda cha fyuluta. Paipi imeneyi imathera patali ndi fyuluta ngati zala zinayi. Mpata umenewu ndiye chitetezo chonse: kamwa ya pansi itamira m'madzi, injini singawakoke, imangopuma mpweya wa m'chipindamo. Pa kona ya pansi penipeni ndinaboolapo bowo lotulutsira madzi, ndipo pakamwa ndinaikapo waya wa sefa wa mabowo akuluakulu kuti majumbo ndi masamba asakwere. Pulasitiki ya madigadi ibwerere pamalo pake. Magalimoto ambiri mumzinda muno anaitaya kalekale, koma popanda iyo tayala limaponya matope molunjika kumene mwatsegula njira.

Nditachotsa nsalu ya pakamwa pa throttle body ija, kumanga zonse ndi kubwezera batire, ndinaliza galimoto osaponda moto. Poyamba idle inakwera n'kumatsikatsika, zimene zimachitika batire likachotsedwa chifukwa kompyuta imayambanso kuphunzira. Ndinaisiya mpaka fani inazungulira, ndikumvetsera m'malumikiziro monse ngati pali kamluzu ka mpweya wolowera pambali. Check engine ikayaka pomwepo n'kuonetsa P0113 kapena P0102, musade nkhawa msanga, kawirikawiri ndi pulagi ya sensa imene sinalowe mpaka kulira kuti tha. Mawindo a auto nawonso angafune kuwaphunzitsanso pogwira batani m'mwamba kwa kanthawi windo litatsekeka.

Trim musaiweruze tsiku lomwelo, imafuna maulendo angapo kuti ikhazikike. Yanga inabwerera pafupi ndi pamene inali. Pa Western Bypass, galimoto ikuyenda, mpweya wolowa unkangoposa wakunja ndi madigiri ochepa. Pa mzere wa mafuta kapena pa mdipiti umakwera ndithu, lata silingaletse zimenezo, koma ukangonyamuka umatsika msanga kuposa mmene unkachitira ndi bokosi. Pa chitunda chokwera ku Dedza ukadutsa Linthipe, mu giya yachitatu, rpm ikapitirira 3,500, injini imatulutsa mawu akuya amene ndinkawafuna aja, ndipo imayankha mopepukirako phazi likaponda. Pansi pa 3,000 simungasiyanitse ndi Fielder ina iliyonse.

Za mafuta, palibe chimene chinasintha, ndipo sindinayembekezere kuti chisinthe. Poyenda mwachizolowezi chimene chimapanikiza mpweya ndi kachitseko ka throttle, kamene kamakhala kotseguka pang'ono chabe, osati fyuluta. Wokuuzani kuti paipi idzakupulumutsani ku mitengo imene a MERA amalengeza akungofuna mugule. Mafuta amakwera kumene ngati phazi layamba kukonda kamvekedwe kaja. A magalimoto a CVT, mtundu wina wa magiya a otomatiki, aganize kawiri, chifukwa CVT imasunga rpm pamodzimodzi pokwera chitunda, ndipo mawu amene amakoma pa magiya apamanja amasanduka chiphokoso chosatha m'makutu mwa okwera. A inshulansi anu auzeni za kusinthaku, zilembedwe.

Sindingalangize aliyense kuti achite zimenezi. Ngati Sienta yanu ndi ya taxi, kapena sabata iliyonse mumapita kumudzi ku Mitundu, Nsundwe kapena Kasiya pa msewu wafumbi, gulani bokosi lamoyo ndi fyuluta ya pepala yabwino, muzisintha pafupipafupi. Injini yanu idzakhalitsa kuposa ya wina aliyense wa cone.

Kwa amene mwamanga, ntchito sithera tsiku lomangalo. Makilampu amafuna kumangidwanso paipi ikatenthedwa ndi kuzizira kangapo. Ine ndinapaka kagirisi kochepa kwambiri mkati mwa chigongono, kupitirira sensa, ndipo pa sevisi iliyonse ndimamasula n'kupitsapo chala. Chikamveka mchenga ndiye kuti fumbi likudutsa, kaya pa fyuluta kaya pa kilampu, ndipo tsiku limenelo ndidzagula bokosi lina n'kulibwezera. Mpaka pano chala chimatuluka chosalala. M'chilimwe fyuluta ndimaiyang'ana mwezi uliwonse, kuichapa ndi madzi oyenda kuchokera mkati kupita kunja, n'kuiyanika pamthunzi mpaka iume yokha. Kompresa imang'amba nsalu yake, ndipo anyamata a ku car wash muwauze asalozetse paipi ya madzi m'chipinda chimenecho.

Ngakhale fyuluta ili m'mwamba, madzi ofika pa hedilaiti ndi oopsa kwa galimoto iliyonse, ya bokosi ndi ya cone yomwe. Chithaphwi chimene simukuchidziwa, dikirani wina adutse muone, ndipo mulowe ndi giya wani pang'onopang'ono, osati pambuyo penipeni pa lole kapena mopingasana ndi minibasi. Injini ikazima muli m'madzi, musayese kuliza, ngakhale a m'mbuyo akuimbireni mahutala. Pemphani anthu akukankhireni kumtunda, mutsegule boneti mukhudze fyuluta. Ikakhala yonyowa, makaniko achotse ma coil ndi mapulagi onse anayi, azungulitse injini ndi sipanala kaye, kenako ndi starter, kuti madzi atulukire m'mabowo a mapulagi. Paipi ikhuthulidwe, sensa iume, ndipo oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe galimoto isanayendenso, makamaka ngati pa dipstick oyilo waoneka wotuwa.